Zikho za pa Ukwati wa ku Lifuwu

Ntchito ya nyuzipepala inandisiyira chizolowezi chimodzi chimene ndinapita nacho ku Salima: ukafika pamalo usafulumire kulankhula, yamba waona amene wakhala pati, ndi amene akuyamba kuchita chiyani. Ndinachoka ku Blantyre m'zaka za m'ma 1970, atanditumiza kukathandiza a zaumoyo kufalitsa uthenga m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Katundu wanga anali makina oonetsera kanema, chinsalu choyera, chimkuzamawu ndi mpukutu wa zithunzi. Anthu sanavutike n'kufunsa dzina langa. Ndinali "a kanema" kuyambira tsiku lofika mpaka tsiku lochoka.

Chaka chimenecho kunagwa kolera. Inabwera ndi mvula, ndipo mvula itatha inapitirizabe kutola munthu mmodzimmodzi m'madoko a asodzi. Boma linaletsa kuphika chakudya pamaliro ndi pamaukwati. Masiku amenewo lamulo likatuluka, apampando a chipani ankalinena kamodzi, anthu n'kuwomba m'manja, msonkhano n'kutha. Miphika inkangosamukira kuseri kwa nyumba.

Ndinkayenda ndi anesi a pachipatala cha paboma, mayi wa ku Mzimba, wamtali, wosachedwa kuseka. Uthenga wathu unali waufupi: madzi akumwa awiritsidwe, chakudya chidyedwe chotentha, pakhomo pakhale chimbudzi. Izi palibe ankatsutsa, ngakhale amene sankazichita. Phokoso linkabuka tikafika pa beseni.

Mwambo wake ndi wodziwika. Chakudya chikafika, beseni la madzi limayambira kwa wamkulu pa onse, n'kumatsika mpaka kwa mwana wamng'ono. Madzi ndi omwewo. Woyamba amaona pansi pa beseni, womaliza saona. Ife tinkati munthu aliyense azithiridwa madzi pamanja, otsikira m'beseniwo azikatayidwa. Koma mkulu akamva zimenezi ankamva kuti tikuti manja ake ndi auve, ndipo kuti uvewo amadyetsa adzukulu ake. Mawu otere munthu sapempha kuti muwabwereze.

Zithunzi zochokera kulikulu zinkaonetsa manja awiri pansi pa mpopi. Zinali zojambulidwa bwino. Koma mipopi ku Salima inali paboma, pachipatala ndi pasiteshoni ya sitima. Akumudzi ankati uthengawo ndi wa anthu apaboma, apaboma ankati ndi wa akumudzi. Aphunzitsi ndi makalaliki omwewo, akalowa m'lesitilanti masana, ankaviika manja m'beseni limodzi ndi wina aliyense.

Poyambira tinapapeza ku Chipoka. Lachisanu lina tinafika anthu akukonzekera swala, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira. Kunja kwa mzikiti amuna anali atanjuta mondondozana, aliyense ndi birika, ketulo ija ya mlomo wautali, akudzithira madzi m'manja, kumaso ndi kumapazi. Palibe ankagwiritsa madzi a mnzake. Atatuluka tinalankhula ndi a shehe, bambo wofatsa amene masiku ena ankasoka zovala pakhonde la sitolo.

"A shehe," anatero anesi, "chimene ife tikutha nacho mawu, inu mumachita tsiku lililonse."

"Timachita popita kwa Mulungu," anayankha a shehe. "Popita ku mbale timachita ngati inu nomwe."

"Nanga mbaleyo inalakwanji?"

A shehe anaseka, nati akaganiza, Inshallah. Lachisanu lotsatira anaiika nkhaniyo mu ulaliki wawo, ndipo m'nyumba zambiri za padoko birika inayamba kufika pamphasa. Ine ndinajambula chithunzi chatsopano, birika ikuthira madzi pamanja, ndipo tinachizunguliza m'mbali monse mwa nyanja popanda wotsutsa.

Titakwera nacho kumtunda, kumidzi ya cha ku Chinguluwe, zinasintha. Nditangochitambasula, amayi anayamba kubisa pakamwa ndi zitenje. Bambo wina wa imvi, wovala jekete ngakhale kunkatentha, anaimirira n'kuvula chipewa.

"A kanema, mundikhululukire, ine sukulu sindinapite patali. Koma ketulo imeneyo ndimaidziwa. Mlongo wanga amakhala pakati pa eni ake ku Lifuwu. M'mawa ndimaiona ikupita kuchimbudzi. Ndiye mukuti ikabwerako ifike pamanja anga, ine ndidye?"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Apampando anadzudzula anthu kuti uthenga wa boma saseka, ndipo anthu anasiya kuseka, koma uthengawo unali utafa kale. Titawafotokozera a shehe anati pakhomo pamakhala mabirika osiyana, ya kuchimbudzi sifika pomwe pali chakudya. Zinali zoona, koma chithunzi sichikanatha kunena kuti iyi ndi iti.

Pasanapite nthawi, tsiku la sikelo ya ana ku Lifuwu, mayi wina anadikira mpaka anthu onse atapita. Anali wamasiye, wochokera kumtunda, Mkhristu, wolima mpunga pasikimu. Anagwada chapatali, anesi n'kumuuza kuti akhale pabenchi. Nkhani yake inali iyi. Mwana wake wamkazi ankakwatiwa ndi kalaliki wa kunjanji ku Chipoka, wa kwawo ku Ntcheu. Kutchalitchi anali atalengeza kale. Kuimitsa ukwati sikukanatheka, chifukwa mkwatiyo ankamusamutsira kummwera. Mpunga wa faya anali atausunga padera kuchokera pokolola, mbuzi inali pachingwe.

"Ine ndadya maukwati a anzanga zaka zonsezi," anatero mayiyo. "Anthu achoke ku Ntcheu pa sitima, abwerere ndi njala? Ineyo ndipirira. Koma mwana wanga adzaimva nkhani imeneyi kwa apongozi ake mpaka adzamere imvi. Akadzangopsereza ndiwo, adzati n'chimodzimodzi kwawo kuja."

"Bwanji osaphika kuseri ngati anzanu?" ndinafunsa, pofuna kumva yankho lake.

"Kuseri amaphikira maliro, a kanema. Ukwati wa mwana wanga ndiubise ngati ndaba?"

Tinapita nayo nkhaniyo kwa mkulu wa zaumoyo paboma, munthu wosakonda nthabwala koma womva zifukwa. Anati matenda akuchepa, ndipo phwando limodzi loyang'aniridwa lingatiphunzitse zambiri kuposa maphwando obisika. Anaika malire ake: chakudya chotentha, madzi owiritsa, sopo, thobwa ayi, beseni loviikamo manja ayi. Adzabwera yekha, ndipo akadzaona dzanja m'beseni, phwando lidzathera pomwepo, mbale zili m'manja.

Mayiyo anavomera zonse. Thobwa linamupweteka, koma anati aphika tiyi. Chotsala chinali kuuza nkhoswe, mlongo wake wamkulu, amene popanda iye ngakhale mphasa siikanayalidwa. Tinapangana kukakumana naye pakhomo pa mayiyo.

Titafika tinapeza bambo atakhala pampando pamthunzi wa nkhokwe, atavala jekete. Ndinalizindikira jeketelo ndisanaone nkhope.

"A kanema," anatero, "mwabweranso ndi ketulo yanu ija?"

"Ndaisiya, bambo."

"Mwachita bwino. Ikapume."

Mlongo wake anafotokoza zonse atakhala pansi, mawu ali otsika. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu. Anati iye wasamba m'beseni kuyambira ali mnyamata ndipo sanaonepo madzi akuda. Ankanena zoona. Kwa zaka zambiri iye ndiye ankayamba kusamba pakhomo pake. Anati kuthira munthu wamkulu madzi ngati mwana wakhanda n'chipongwe, ndipo akuchimuna akaona zimenezi adzati tikuwayesa odwala.

"Achimwene," anatero mayiyo, "akapanda kulola a boma, palibe chakudya."

"Ndiye tidzadya kuseri. Boma lili ndi maso kutsogolo kokha."

Anesi anayesa kufotokoza za tizilombo tosaoneka ndi maso. Mkuluyo anawamvetsera mwaulemu, monga momwe munthu amamvetsera mlendo akusimba za kwawo. Ine ndinkaganiza za chinthu chimene ndinachiona pa zakudya zambiri m'midzimo: beseni silimangosambitsa manja, limalengezanso kuti wamkulu ndani. Anthu amaliyang'ana likamayenda. Ndiye ndinafunsa funso la mtolankhani, lofuna kungodziwa dongosolo.

"Bambo, tinene kuti beseni lilipo. Tsiku limenelo adzayambe kusamba ndani?"

"Alendo. Funso lake ndi limenelo?"

"Akuluakulu a kuchimuna akubwera angati?"

"Angoni sayenda awiri," anayankha mlongo wake. "Akuti adzadzaza lole kuchokera pasiteshoni."

"Ndipo adzakhala ali m'sitima kuyambira m'mawa," anatero anesi, atagwira pomwe ndinkalowera. "Nzimbe, chinangwa chootcha, fodya wamphuno. Sitima ija mumaidziwa, bambo, zitsulo zake zogwira."

"Tidzaika mabeseni awiri," anatero mkuluyo msanga. "Lawo ndi lathu."

"Chabwino," ndinatero. "Lathuli liyambire kwa ndani? Kudzakhala amfumu a pano. Kudzakhala akulu a mpingo. Kudzakhala apampando a chipani."

Apa mkuluyo anayamba kulingalira. Sikuti ankangowerenga kuti iye adzasamba pambuyo pa anthu onsewo, ngakhale ndikhulupirira kuti anawerenga. Panali china cholemera. Masiku amenewo kuyambitsa amfumu n'kusiya apampando, kapena kuyambitsa apampando n'kusiya amfumu, inali nkhani yoti ikhoza kukutsata mpaka kumunda. Ndipo wolozera mtsikana wonyamula beseni kumene ayambire ndi nkhoswe.

"Mmene mukunenera inumu," anafunsa mkuluyo, akuyang'ana anesi, "amayamba ndani?"

"Atsikana akakhala angapo, aliyense ndi chothirira chake, amagwada nthawi imodzi. Amfumu, apampando, akuchimuna ndi inu, nonse mwayamba."

"Nonse mwayamba," anabwereza mkuluyo, ngati akulawa mawuwo. Anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Koma ketulo ayi."

"Ketulo ayi," anatero anesi. "Jagi."

"Jagi ndi ya kuchipatala. Mukufuna alendo aziyesa agonekedwa?" Anatembenukira kwa mlongo wake. "Kwathu kuli zikho. Chaka chino zabereka bwino, za mikono yaitali. Ndidzasema zatsopano, zosamwerapo munthu. Ndidzabwera nazo ndekha. Atsikana ake ndidzasankha ine, osati ana opanda mwambo a pasikimu pano."

"Zikomo, achimwene," anatero mayiyo, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Nkhope yake sinasinthe, koma atapita kukatenga madzi akumwa tinamumva akuimba kuseri kwa nyumba.

Sabata imeneyo ndinajambula zithunzi zitatu za uthenga umodzi. Cha kunyanja chinakhala ndi birika, cha kumtunda chikho, cha paboma jagi. Mawu onena za uve ndinawachotsa onse. Pansi pa chithunzi chilichonse ndinalemba kuti: Mlendo aliyense, madzi ake. Anesi anati mawuwo sakunena chilichonse cha matenda. Ndinati za matenda azinena iwo pakamwa, anthu atakhala kale pansi.

Ukwati unachitika Loweruka, kunja kuli mwera. Mbuzi inazingidwa ndi mnansi wachisilamu kuti aliyense adye momasuka, monga amachitira kumeneko. Amayi a mbali zonse anaphika pamodzi kuyambira m'mawa. Madzi anawiritsidwa m'migolo n'kuvundikiridwa. Kuseri kwa khola anakumba dzenje lotayamo madzi osambira. Akuchimuna anafikadi pa lole, ndipo anali ochuluka monga ananenera mayiyo. Mkulu wa zaumoyo anafika pa njinga yamoto, anakana mpando, n'kuima pafupi ndi nkhokwe manja ali kumbuyo.

Pochokera kutchalitchi anthu anakhala m'magulu. Nkhoswe inaimirira pakati pa bwalo, jekete litasitidwa, n'kukweza dzanja. Atsikana anatuluka awiriawiri, wina ndi chikho ndi sopo, wina ndi beseni lolandirira madzi. Anagwada nthawi imodzi pamaso pa amfumu, apampando, mkulu wa mpingo ndi wamkulu wa akuchimuna. Ndinayang'ana apampando. Iwo anayang'ana amfumu, anaona kuti madzi akutsika kofanana, n'kutambasula manja.

Zinayenda bwino mpaka pamene atsikana anafika kwa gogo wina wa kuchimuna, wa maso ofooka. Iye anamva beseni laikidwa patsogolo pake, ndipo anachita chimene wachita moyo wake wonse. Anapinda mikono ya malaya n'kutsitsa manja. M'besenimo munali kale madzi a anthu ena. Mtsikana wa chikho anazizidwa, poti mwana sangagwire dzanja la gogo wa eni ake. Mkulu wa zaumoyo anachotsa manja kumbuyo. Mayi wa mkwatibwi anali pakhomo la khitchini ndi chipande m'manja, ndipo anaima pomwepo.

Nkhoswe inafika msanga kuposa mmene ndinkaganizira kuti munthu wa zaka zake angayendere. Inagwada, jekete ndi zonse, n'kukankhira beseni pambali.

"Pepani, bambo," inatero mokweza kuti onse amve. "Kuno kwathu mlendo sasamba madzi otsala. Tambasulani manja, ndikuthireni ndekha."

Gogoyo anatambasula manja. "Mwambo wabwino," anatero. "Ndi wa makolo?"

"Wa makolo," inayankha nkhoswe, osaphethira.

Mkulu wa zaumoyo anabweza manja kumbuyo. Patapita kanthawi anapempha mpando, ndipo mtsikana atabwera ndi chikho anasamba, n'kulandira mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Anadya yonse.

Tiyi anabwera pambuyo pake. Makapu anabwerekedwa m'nyumba zonse za pamzerewo, ndipo chothirira chinali chimene anansi anali nacho. Ndinaona nkhoswe itatambasula kapu, mayi wina wovala mpango akuithira tiyi kuchokera m'birika ya mlomo wautali. Inamwa, n'kupempha wina. Anesi anandigunda ndi chigongono.

"A kanema, mwaona?"

"Ndaona."

"Musalembe."

Sindinalembe, mpaka lero.

Mayi wa mkwatibwi anadya pomaliza, alendo atakhuta, lole itayamba kulira. Anakhala pamphasa kuseri ndi amayi anzake ophika. Mtsikana wina anabwera ndi chikho. Mayiyo anayang'ana madziwo akutsika pamanja pake, nati, "Amenewa ndi akumwa, mwana iwe, usawononge." Koma manja sanawachotse mpaka chikho chinatha.

Sindinganene kuti beseni linatha ku Salima chifukwa cha ukwati umenewo. Chiletso chitachotsedwa mabanja ambiri anabwerera ku zakale, makamaka pakudya pa tsiku ndi tsiku, pomwe palibe mlendo woti aone. Chimene chinasintha ndi maphwando. Mkulu wa zaumoyo anayamba kuloleza ena pa malire omwewo, ndipo ankhoswe a m'midzi yozungulira anaona kuti zikho zimawachotsera mutu wopweteka wa amfumu ndi apampando. Zithunzi zitatu zija tinayenda nazo mpaka zinang'ambika m'mapindiro. Tikafika pamudzi wachilendo ndinkayamba ndayang'ana chimene chapachikidwa pakhonde, birika kapena chikho, ndisanamasule mpukutu. Kumene tinapeza zonse ziwiri tinkapachika zithunzi zonse ziwiri, anthu n'kumasekana okha.

Bambo wa jekete uja ndinakumana nayenso pamsonkhano wina kumtunda. Anaimirira osapemphedwa n'kuuza anthu kuti a kanema abwera kudzawakumbutsa mwambo umene ana amakono anautaya. Sindinamutsutse.

Mayiyo ndinamuona komaliza pamsika wa paboma, mvula yotsatira itayandikira, akugulitsa mpunga. Anati mwana wake anapita kukaonekera ku Ntcheu ndipo anamulandira bwino. Kumeneko ukwatiwo ankaukambabe. Ankati anthu a ku Salima amasambitsa mlendo ngati mfumu, ndipo mpunga wawo umanunkhira usanafike pamphasa.

"Palibe chodandaula?" ndinafunsa.

"Chilipo," anatero, akundiwonjezera mpunga m'thumba. "Akuti thobwa tinawamana."